Ngati mufuna kuphunzila kuluka, yambilani pa juzi yaikulu

June ikangolowa, misika ya mu Lusaka imasintha kaonekedwe. Amene anali kugulitsa masiketi na malaya opepuka pa City Market na ku Soweto amatsegula mabelo a majuzi na majekete, mitengo imakwela, ndipo tonse timawelamila pa mulu kusankha. Juzi imene acinyamata ambili afuna masiku ano ni ija yaikulu, ya ulusi wonenepa, ya manja ofika ku zala, yooneka monga wabweleka kwa amalume. Pa belo zimapezeka zocepa cabe, ndipo wogulitsa amazidziwa bwino. Sazisiya pa mulu. Amazipacika pamwamba, na mtengo wake-wake.

Ife tikuti juzi imeneyi tingailuke tekha. Tikutinso munthu amene sanagwilepo singano zolukila afunika kuyambila pa juzi imeneyi, osati pa sikafu kapena pa kasote ka mwana monga mmene ambili amalangizila.

Tidziwa kuti izi zimveka monga kuuza mwana wokwawa kuti athamange. Koma tiyeni tiwelenge. Ulusi woonda, uja wa majuzi a kusukulu, umafuna masitichi pafupifupi 22 kuti mukwanitse masentimita 10 m'lifupi, na mizele pafupifupi 28 kuti mukwanitse masentimita 10 m'litali. Ndiye kuti kacigamba kolingana na cikhatho ca dzanja kadya masitichi opitilila 600. Ulusi wonenepa kwambili, pa singano za mamilimita 10, umafuna masitichi pafupifupi 10 na mizele 14 pa malo amodzimodziwo, kutanthauza masitichi 140. Nchito yacepa kuwilikiza kanayi. Komanso sitichi iliyonse ni yaikulu moti muiona na maso mmene yalowela na mmene yatulukila. Ikapulumuka pa singano, muigwila na zala n'kuibwezela. Pa ulusi woonda, wophunzila amazindikila kuti sitichi inagwa pamene dzenje laonekela kale mizele khumi pansi.

Cina cimene cimaopsa anthu ni maonekedwe a juzi: mapewa, khosi, m'khwapa. Juzi yogwila thupi imafunadi luso, cifukwa uyenela kucepetsa na kuwonjezela masitichi pa malo oyenela. Juzi yaikulu ilibe zonsezo. Ni zigamba zinayi za makona anayi: ca kutsogolo, ca kumbuyo, na ziwili za manja. Kwa munthu wamkulu wa thupi lapakati, cigamba ca kutsogolo cingakhale masentimita 60 m'lifupi na 60 m'litali, ca kumbuyo cimodzimodzi. Ngati ulusi wanu upatsa masitichi 10 pa masentimita 10, muika masitichi 60 pa singano n'kuyamba. Manja angakhale masentimita 40 m'lifupi na 40 m'litali. Aoneka aafupi, koma phewa la juzi yotele limagwela pansi pa phewa lanu, ndiye limawonjezela utali. Mukatsiliza, musoka mapewa n'kusiya mpata wa masentimita pafupifupi 25 pakati wopitila mutu, mulumikiza manja, musoka m'mbali. Yatha.

Zigamba zinayi zimenezi pamodzi zili na masitichi pafupifupi 14,500. Wophunzila amene aluka masitichi 12 pa miniti afunika maola pafupifupi 20. Ola limodzi pa tsiku, milungu itatu. Tiikepo mlungu wina wa kumasula na kubwelezanso, cifukwa palibe amene amaphunzila popanda kumasula.

Sikafu, imene onse amati ndiyo poyambila, ili na vuto limene olangiza sakamba. Ni yaitali, siisintha, ndipo m'mphepete mwake muli poyela: paliponse pamene dzanja linakoka kwambili kapena linalekelela paonekela. Ambili amaisiya pakati, ulusi n'kuthela mu pulasitiki pansi pa bedi. Juzi yaikulu imabisa zolakwa. M'mphepete mokhota mumalowa mu msoko. Ikakula kupitilila muyeso, ndiye fashoni yake. Cinthu cimodzi cabe siikhululuka: khosi lothina. Potseka masitichi a pamwamba, lekelelani dzanja, apo ayi mutu sudzapita.

Pali sitepu imodzi imene tikupemphani kuti musaidumphe, olo mtima uthamange bwanji. Musanayambe juzi, lukani kacigamba ka masitichi 15, mizele 15, ndiyeno muikepo lula muwelenge masitichi amene alowa mu masentimita 10. Manja a anthu amasiyana. Wina amakoka, wina amalekelela, ndipo ulusi umodzimodzi ungapatse uyu masitichi 9, uyo 12. Mukatenga nambala ya mnzanu, juzi imene munafuna kuti ikhale ya masentimita 60 idzatuluka ya 50, ndipo mudzaipeleka kwa mng'ono wanu mukudandaula. Kacigamba kameneka ndiko kophunzililapo masitichi awili okha amene mufunika, knit na purl. Knit yokha mizele yonse imapatsa nsalu ya mizelemizele imene siipindika m'mphepete, koma imadya ulusi wambili. Mzele wa knit, mzele wa purl, mosinthana, umapatsa nsalu yosalala ija tidziwa, koma imapindika pansi, conco yambani na mizele isanu kapena isanu na umodzi ya knit yokha kuti igone.

Manje tikambe za ndalama, cifukwa apa ndiye pamene anzathu amatigwila. Amati, ulusi wa juzi yotele ni wodula kuposa juzi ya pa salaula. Nthawi zambili akamba zoona. Juzi yaikulu ya ulusi wonenepa ingadye magalamu 700 mpaka kilo imodzi, ndipo ulusi umene upezeka m'mashopu a ku Kamwala na m'tauni ni wocokela kunja, wambili wa acrylic. Amene akuuzani kuti kuluka na ulusi watsopano kudzakupulumutsilani ndalama sanagulepo ulusi.

Koma salaula imeneyo ndiyo shopu ya ulusi yochipa kwambili mu Zambia. Pansi pa mulu pamatsala majuzi amene palibe awafuna: a mtundu woipa, a khosi lotambasuka, akale-kale. Wogulitsa amawatsitsa mtengo kuti acoke. Juzi yotele muitembenuze muone msoko wa m'mbali. Ngati zigamba zake zinalukidwa cimodzi-cimodzi n'kulumikizidwa na msoko wooneka monga cheni, juziyo imamasuka yonse n'kupatsa ulusi wautali. Ngati msoko ni uja wa makina a overlock, wokulunga m'mphepete modulidwa, isiyeni, cifukwa nsaluyo inadulidwa na sizasi ndipo mudzangopeza tuzidutswa. Ulusi womasula umakhala wopotana-potana. Uzungulizeni pa msana wa mpando, mumange m'malo atatu kapena anayi, muuviike m'madzi ofunda pang'ono na sopo, muuyanike pa mthunzi, udzawongoka. Ulusi woonda uwili kapena utatu mukaugwila pamodzi monga umodzi, mwapanga ulusi wonenepa. Ndipo mitundu iwili yoipa, yotuwa na yofiilila mwacitsanzo, ikasakanikilana imatulutsa cinthu cimene simungacipeze pa hang'ala iliyonse ku Manda Hill.

Singano nazo si nkhani. Ambuya athu ena anali kulukila pa masipoko a njinga. Sipoko ni yoonda kwambili pa nchito iyi, koma kalipentala aliyense wa m'komboni angakupalileni tumitengo tuwili towongoka, tonenepa monga kala kakang'ono ka kudzanja, twa masentimita 35 kapena 40. Musongole kutsogolo, mukwecese na sandipepa mpaka tusalale, mupakeko kandulo, kumbuyo mumangeko labala kuti masitichi asagwe.

Cotsutsa cina sicikambidwa mokweza, koma ndiye cacikulu: kuluka ni kwa ambuya, ni kwa azimayi a ku kilabu ya ku chechi. Apa tiseka pang'ono. Mu Cinyanja mawu ni amodzi. Mtsikana amene aimilila maola asanu mu saluni pa Mtendere akuluka tsitsi, nthawi zina na ulusi weniweni uja timacha Brazilian wool. Mdala wa kumudzi akuluka mphasa na madengu. Msodzi akuluka ukonde. Onsewa sitiwaseka. Telala amene akhala na makina pa khonde la shopu nthawi zambili ni mwamuna, ndipo palibe anamufunsapo cifukwa cake agwila nsalu. Pa cisumbu ca Taquile ku Peru, kuluka zisote ni nchito ya amuna, ndipo amaiphunzila ali anyamata. Mu 2021, pa maseŵela a Olympics ku Tokyo, makamela anaonetsa Tom Daley wa ku Britain, amene anali atangopata mendulo ya golide, atakhala pakati pa openyelela akuluka. Mnyamata wa ku Chawama amene aopa kuti anzake adzamuseka akumbukile kuti anzakewo ndiwo adzayamba kufunsa kumene anagula juziyo.

Nanga n'cifukwa ciani tilimbikila nkhani ya juzi m'dziko limene mphepo ni ya miyezi iwili kapena itatu? Cifukwa mphepo imeneyo si yoseweletsa. Lusaka ili pamwamba, mamita opitilila 1,200 kucokela pa nyanja yamcele, ndipo mu June na July usiku kuzizila kumatsika pansi pa madigili 10. Nyumba zathu zambili ni za mabuloko na malata, zopanda siling'i. Masana zimawocha, usiku zimataya kutentha konse. Ife amene timatsegula mapulogilamu a kuseni pa wailesi timaona amene ali pa msewu 05:00 isanakwane: makondakita, azimayi opita kukaoda ku Soweto, alonda ocoka ku nchito, ana a sukulu ovala juzi yoonda ya yunifomu. Ndipo caka ciliconse m'nyengo ino timabweleza cenjezo limodzimodzi, lakuti musagone na mbaula m'nyumba yotseka. Malasha amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Juzi yonenepa siithetsa umphawi umene umapangitsa banja kulowetsa mbaula m'cipinda. Koma ulusi wonenepa umasunga mpweya wofunda pakati pake, ndipo thupi lofunda silikakamiza munthu kusendeza moto pafupi na bedi.

Palinso nkhani ya manja athu. Dziko lino limalima thonje, maka-maka kum'mawa, ku Chipata, Katete na Petauke. Linali na mafakitale a nsalu ku Kafue, ku Livingstone, ku Ndola na ku Kabwe. Malonda atatsegulidwa pambuyo pa 1991, zovala za kunja zinasefukila, ndipo mafakitale ambili anagwa. Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inatseka mu 2007 n'kukhala zaka zambili ili zii. Sitinena kuti salaula ni mdani. Inaveka makolo athu pamene ndalama inalibe mphamvu, ndipo idyetsa mabanja ambili lelo. Koma m'badwo wathu unakula uli kudziwa kusankha cabe. Tidziwa kugwila nsalu n'kunena kuti iyi ni orijino, koma ambili a ife batani ikaduka timafuna telala. Amayi na ambuya amene anaphunzila kuluka ku Home Economics kapena ku kilabu akali moyo, ali m'nyumba zathu, ndipo palibe amene awafunsa. Vidiyo ya pa YouTube ingakuonetseni mmene singano ilowela, koma imadya data ndipo siingagwile dzanja lanu n'kukuuzani kuti mwakoka kwambili. Pitani kwa iwo na ulusi, mukambe kuti, "Ambuya, nionetsenikoni poyambila." Konzekani kuti adzaseka singano zanu zonenepa.

Nthawi yolukila tili nayo kale. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tinakhala maola ambili pa tsiku opanda malaiti, foni yazima, TV yazima. Kuluka sikufuna soketi. Pa ulusi wonenepa, kuwala kwa pa khonde madzulo n'kokwanila, ndipo manja akazolowela amayenda okha uku mukuceza. Mu minibasi ya ku Chelstone pa ola la jamu mwina malo angacepe, cifukwa singano za masentimita 40 zidzalasa mnzanu, koma pa mzele wa ku kiliniki kapena poyembekezela makasitoma pa buthi ya mobile money, mizele isanu imatha osadziwa.

Mukagula ulusi watsopano, gulani wonse tsiku limodzi ndipo muone kuti nambala ya utoto pa pepala ni imodzi, cifukwa mtundu umodzimodzi wopangidwa tsiku lina umasiyanako, ndipo kusiyanako kumaonekela pa dzuwa. Juzi ikatha, muicape na manja m'madzi ozizila, osaipotokola, ndipo muiyanike yogoneka pa thaulo. Mukaipacika pa waya yonyowa, kulemela kwa madzi kudzaikoka mpaka ifike m'mawondo. Ngati ni ya acrylic, isayandikile aini kapena mbaula, cifukwa acrylic ni pulasitiki ndipo imasungunuka. Amene ayamba mu June adzaivala July isanathe. Amene afuna ya caka camawa ayambe kusakila majuzi omasula mu September, pamene kwayamba kutentha ndipo ogulitsa afuna kuwacotsa.