Kope la mayi wa zitenje

Lachiwiri lapitali, m'basi ya ku Mzuzu, ndinakhala mpando umodzi ndi mayi wina wachikulire wogulitsa zitenje, ali pa ulendo wokaoda katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Pamiyendo pawo panali kope lakutha m'mbali, lodzaza ndi manambala a Chiswahili olembedwa ndi pensulo, ndipo milomo yawo inkangogwedera kubwereza "bei gani" ndi "punguza". Anandiuza kuti ulendo woyamba, atangowoloka Songwe, anasanduka bububu, mpaka wowamasulira anawadyera phindu lonse. Lero amanenerera okha, akaphonya mawu Ataifa amaseka, iwonso n'kuseka nawo. Mayiwa anandigwira mtima. Timakonda kunena kuti mutu wa munthu wamkulu ndi wouma, koma ine ndikuona kuti chimene chimatimanga lilime ndi manyazi. Ana athu amaphunzira Chingerezi zaka 12 mpaka kulemba MSCE, ambiri n'kutuluka akuopabe kutsegula pakamwa, chifukwa m'kalasi wophonya amasanduka choseketsa cha anzake, ndipo zimenezi zimandiwawa. Tisanafike pa Jenda, mayiwo anali atandiphunzitsa kale kuti madzi ndi "maji", mvula ndi "mvua", n'kundiuza kuti ndibwereze mokweza basi yonse ikumva.