Kodi kufika kumisonkhano n'kusintha?

Ku America, kholo lomwe boma lalilanda mwana kaamba ka mowa kapena mankhwala ozunguza bongo limalimbana ndi nthawi. Lamulo la Adoption and Safe Families Act la 1997 limati mwana akatha miyezi 15 mwa miyezi 22 akuleredwa ndi ena, boma liyambe kupempha khoti kuti limuchotse m'manja mwa khololo mpaka kalekale, pokhapokha pali zifukwa zapadera. Komatu chizolowezi cha mankhwala sichitha msanga.

M'zaka za m'ma 1990 kudayamba makhoti apadera a mabanja otere, ndipo limodzi mwa oyambirira lidali ku Reno, m'chigawo cha Nevada. Ku London khoti lofanana nalo lidatsegulidwa mu 2008. M'makhotiwa kholo limaonana ndi woweruza pafupipafupi, limayezedwa ngati lasiyadi mankhwala, komanso limalandira chithandizo.

Ena mwa makhotiwa amagwira ntchito ndi alangizi omwe nawonso ndi makolo amene adalandidwapo ana, adasiya mankhwala, n'kubwezeredwa anawo. Mlangizi amaperekeza kholo kukhoti, kuliimbira foni ndi kulifotokozera zomwe woweruza akufuna.

Nanga khoti lidziwa bwanji kuti kholo laikapo mtima? Chophweka n'kuwerenga kuti lakumana ndi mlangizi kangati. Koma munthu woopa kutaya mwana angathe kufika misonkhano yonse osaulula kanthu, pomwe wina wofunitsitsa kusintha amajomba chifukwa chosowa ya basi kapena poopa kuchotsedwa ntchito. Kaundula amayamika woyambayo n'kulanga wachiwiriyo.

Muyezo wabwino umafunsanso khololo. Kodi limamukhulupirira mlangizi? Likamva chilakolako cha mankhwala usiku, limayamba lokha kumuimbira? Likagwa, limaulula lisadayezedwe?

Apa mpamene pagona vuto. Kholo likadziwa kuti mayankho ake akafika kwa woweruza, limangoyankha zokomera khoti, ndipo mlangizi amasanduka kazitape m'maso mwake. Choncho mafunsowa ayenera kufunsidwa ndi munthu wapadera, popanda kulemba maina, ndipo zotsatira zake zithandize kukonza ntchito ya alangizi, osati kugamula mlandu wa banja.

Kuyeza kotere kukachitika miyezi yoyambirira, kholo lomwe likubwerera m'mbuyo limadziwika nthawi yolithandiza ikadalipo. Kukachedwa, mwana amakulira pakhomo pa ena.