Fataleza wasamukira pa foni, nanga mlimi akumuphunzitsa ndani?

Nyengo yotenga zipangizo za ulimi ikafika, m'masitolo ogulitsa mbewu ndi fataleza mumaoneka cinthu cimene kunalibe zaka 20 zapitazo. Mlimi wacikulire amafika pa kauntala, amatulutsa foni m'thumba, n'kuipereka kwa mnyamata amene waima pambali pake kuti amufunire uthenga umene uli ndi nambala yotengera katundu wake. Mnyamatayo nthawi zina amakhala mdzukulu wake. Nthawi zina amakhala munthu amene angokumana naye pa mzere m'mawa womwewo.

Mlimiyo si mbuli. Amadziwa mbewu yoyenera nthaka ya munda wake, amadziwanso kuti matumba angati a fataleza angamutulutse m'njala. Cimene sadziwa ndi kutsegula uthenga pa foni, ndipo cifukwa ca kusadziwa kumeneku cakudya ca banja lake ca caka conse cimakhala kwa kanthawi m'manja mwa munthu wina. Apa ndi pamene nkhani yophunzitsa acikulire kugwiritsa nchito foni, kompyuta ndi intaneti yafika m'dziko muno.

Boma ndilo linasamutsa zinthu zambiri kuziika pa foni, ndipo linali ndi zifukwa zomveka. Pulogalamu yothandiza alimi ang'onoang'ono, imene lero imachedwa FISP, inayamba mu 2002. M'nyengo ya ulimi ya 2015/2016 boma linayesa njira ya e-voucher m'maboma 13, pofuna kucotsa maina a alimi abodza m'kaundula ndi kulola mlimi kusankha yekha zimene afuna kugula. Njirayi inafalitsidwa dziko lonse mu 2017/2018, kenaka maboma ambiri anabwerera ku njira yakale cifukwa ca kusowa kwa netiweki ndi kucedwa kulipira ogulitsa, ndipo m'zaka zaposacedwapa yakulitsidwanso. Alimi amene amapindula ndi pulogalamuyi ndi oposa miliyoni imodzi. Ndalama zothandiza mabanja ovutika za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, nazonso zimafika ku mabanja oposa miliyoni imodzi, ndipo m'madera ambiri zayamba kuperekedwa kudzera m'maakaunti a pa foni ndi a ku banki. Ambiri mwa olandira ndalamazi ndi okalamba, olemala ndi amayi amene akulera ana okha, ndiko kunena anthu amene anali omalizira kugwira foni m'mudzi.

Kumbali ya zipangizo, dziko la Zambia silinagone. Mu 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti pamene maiko ambiri a mu Africa anali asanayambe. Bungwe la ZICTA linamanga nsanja za lamya zoposa 200 m'madera a mafumu, ndipo mu 2017 kunayambika gawo laciwiri la nsanja 1,009. Mu 2021 kunakhazikitsidwa Unduna wa Zaluso ndi Sayansi, a Felix Mutati n'kukhala nduna yake yoyamba. Mu October 2023 kampani ya Starlink inayamba kugulitsa intaneti ya pa setilaiti m'dziko muno.

Koma ziwerengero za anthu zikunena zina. Kafukufuku wa ZICTA wa mu 2018 anapeza kuti anthu 14.3 pa 100 alionse ndiwo anagwiritsapo nchito intaneti, ndipo 6.8 okha ndiwo anali kudziwa kugwiritsa nchito kompyuta. Pofika mu 2022 ziwerengerozi zinakwera kufika pa 25.2 ndi 11.5. Kukwera kulipo ndithu. Komabe zikutanthauza kuti m'caka cimene kalembera anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dziko muno, anthu atatu mwa anayi alionse anali asanalowepo pa intaneti. Ndipo kafukufuku wa FinScope anaonetsa kuti acikulire otumiza ndi kulandira ndalama pa foni anacoka pa 14 pa 100 alionse mu 2015 kufika pa 58 mu 2020. Ndalama zinathamanga kulowa m'foni, luso losunga ndalamazo likubwera pambuyo wapansi.

Mpata umene uli pakati pa ziwirizi ndiwo munda wa akuba. Palibe mwini foni m'dziko muno amene sanalandirepo uthenga womuuza kuti atumize ndalama ku nambala ina cifukwa nambala yakale yawonongeka, kapena lamya ya munthu wonena kuti akuimba kucokera ku kampani ya mafoni ndipo afuna nambala yacinsinsi. ZICTA inakhazikitsa nambala ya *707# yonenerapo akuba otere. Koma kuba kwina sikufika kwa ZICTA kapena ku polisi, cifukwa wakubayo amadyera mbale imodzi ndi woberedwayo. Gogo amene sadziwa kuona ndalama zotsala mu akaunti yake amakhulupirira zimene wauzidwa ndi womutengera. Akauzidwa kuti mwezi uno boma latumiza zocepa, amathokoza n'kumanga zocepazo pa nsonga ya citenje.

Tsono ndani akuphunzitsa anthu otere?

Yankho loyamba la boma linali sukulu. Maphunziro a kompyuta analowa m'silabasi yatsopano mu 2014, ndipo mu 2015 ana a Giredi 9 analemba mayeso oyamba a phunziroli. Makolo ambiri akukumbukira kuti m'masukulu ena ana analemba mpaka usiku cifukwa makompyuta anali ocepa ndipo anali kusinthana, magetsi nawonso akuzimazima. Zinthu zasinthako kucokera nthawi imeneyo. Koma ngakhale sukulu iliyonse itakhala ndi makompyuta okwanira, mwana wa Giredi 9 si ndiye amalembetsa ku FISP. Amene amalembetsa ndi atate wake, amayi wake kapena agogo ake, ndipo iwowa sadzabwereranso pa desiki.

Mabungwe omwe si a boma acitapo mbali yawo. Ku Lusaka, BongoHive kucokera mu 2011 yakhala malo a acinyamata ofuna kupanga mapulogalamu a kompyuta ndi kuyambitsa mabizinesi, Asikana Network imaphunzitsa atsikana ndi amayi zaluso, ndipo malaibulale a Lubuto anapanga maphunziro a kuwerenga pa kompyuta m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno. Nchito zimenezi ndi zabwino, koma zambiri zimayang'ana ana ndi acinyamata, makamaka a m'tauni.

Citsanzo cimene tiyenera kucipenda bwino cili ku Macha, m'boma la Choma ku cigawo ca kum'mwera, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kucokera m'tauni ya Choma. Kumeneko kuli cipatala ca mishoni ndi malo ofufuzira za malungo. Ca m'ma 2004 intaneti inafika kumeneko kudzera pa setilaiti, ndipo nchito yochedwa LinkNet, imene pambuyo pake inakhala mbali ya bungwe la Macha Works, inaifalitsa m'nyumba ndi m'maofesi a m'deralo popanda nthambo. Katswiri wa ku Netherlands, a Gertjan van Stam, ndiwo anali pakati pa oyambitsa. Cimene cinasiyanitsa Macha ndi malo ena ambiri si setilaiti ayi. Kucokera paciyambi, oyambitsawo anasankha acinyamata a m'midzi yomweyo, ena a iwo asanagwirepo kompyuta, n'kuwaphunzitsa kuika zipangizo, kuzikonza zikawonongeka ndi kuphunzitsa anzawo. Nchitoyo inayamba mwa kukambirana ndi mfumu ndi akuluakulu a dera, ndipo pambali pake panakhazikitsidwa wailesi ya m'dera yolankhula Citonga. Kompyuta ikafa ndi mphezi kapena fumbi, woikonza anali kucokera tsidya la mtsinje, osati ku Lusaka. Munthu wamkulu akafuna kufunsa funso limene akuopa kuti ndi lopusa, anali kufunsa mwana wa mnansi wake m'cinenero cake.

Ofufuza a ku University of California ku Santa Barbara amene anaphunzira netiweki ya ku Macha anapeza cinthu cocititsa cidwi: gawo lalikulu la mauthenga a pa Facebook anali pakati pa anthu a m'dera lomwelo. Anthu sanalowe pa intaneti kuti akaone za ku London. Analowa kuti alankhulane okhaokha. Wophunzitsa acikulire ayenera kutolapo nzeru apa, pakuti munthu wamkulu amaphunzira cinthu cimene cikumuthandiza sabata yomweyo. Sitikunena kuti ku Macha zonse zinayenda bwino. Intaneti ya setilaiti inali yodula kwambiri m'zaka zimenezo, ndipo nchitoyo inadalira thandizo la ndalama locokera kunja. Koma luso limene linalowa m'mitu ya anthu a kumeneko silinakwere ndege pamodzi ndi opereka thandizo.

Yerekezani zimenezi ndi mwambo umene tinauzolowera. Makompyuta amafika pa galimoto, akuluakulu amadula riboni, gule amavinidwa, zithunzi zimajambulidwa. Pakapita miyezi ingapo cipinda cimakhala cokhoma cifukwa palibe wolipira magetsi, kapena mphunzitsi yekhayo amene anali kudziwa wasamutsidwa. M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku, ngakhale zipinda za m'tauni zinakhala cete. Boma linalengeza zosandutsa mapositi ofesi ena kukhala malo opezerapo intaneti ndi nchito za boma, ndipo ganizoli ndi labwino popeza nyumbazo zilipo kale. Funso ndi lakuti mkati mwake mudzakhala munthu wolipidwa kuti akhale pansi ndi gogo mpaka amvetse, kapena mudzangokhala makina.

Palinso kulakwitsa kwina kumene kumacitika ndi mtima wabwino. Maphunziro ambiri amayamba ndi kompyuta ya pa tebulo: ici ndi kiyibodi, lembani kalata, sungani fayilo. Mayi wa ku Chadiza kapena ku Chama akamaliza masiku asanu amalandira satifiketi, n'kubwerera kunyumba kumene kulibe kompyuta ndipo mwina sikudzakhala. Cimene ali naco ndi kafoni ka mabatani, kamene mwina amabwerekana ndi mwamuna wake ndipo amakachaja pa sola ya mnansi. Phunziro lake liyenera kuyambira pa kafoni komweko. Adziwe kusiyanitsa uthenga wa boma ndi wa wakuba. Adziwe kuona ndalama zotsala asanapereke foni kwa wa pa kamsasa kotumizira ndalama, ndiponso atailandiranso. Adziwe kusintha nambala yacinsinsi, ndi cifukwa cake caka cake cobadwa si nambala yabwino pamene calembedwa pa reji. Adziwe kuti SIM yolembetsedwa m'dzina la mwana wake si yake, ndipo tsiku limene adzasemphana maganizo, ndalama zake zidzakhala kumbali ya mwanayo.

Nkhani ya cinenero nayo ndi yaikulu. Mauthenga ndi malangizo a pa foni kawirikawiri amabwera m'Cingerezi, ndipo amazimiririka munthu akacedwa kuyankha. Wowerenga pang'onopang'ono amagonja kaciwiri, kacitatu, kenaka amapereka foni kwa wina. Dziko lino linavomereza Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale kuti zigwiritsidwe nchito m'masukulu ndi pa wailesi. N'zovuta kumvetsa cifukwa cake uthenga wouza mlimi wa ku Katete za fataleza wake sungalembedwe m'Cinyanja. Kusintha kumeneku sikufuna nsanja yatsopano, ndipo kungacepetse theka la zimene mphunzitsi akanavutika kufotokoza.

Ena anganene kuti ndalama zophunzitsira anthu mamiliyoni zilibe kocokera, ndipo ndi bwino kudikira kuti mbadwo wa acinyamata ulowe m'malo. Maganizo amenewa ali ndi coonadi cake pa nkhani ya ndalama. Koma kudikira kumatanthauza kuuza mlimi wa zaka 55 kuti kwa zaka 20 zikubwerazi azidalira cifundo ca woima naye pa mzere. Ndiponso njira zofikira acikulire zilipo kale. Makalasi a acikulire ophunzira kuwerenga ndi kulemba, amene ambiri amawadziwa kuti Shibukeni, ali pansi pa maunduna a boma kwa zaka zambiri. Magulu a alimi omvera wailesi pamodzi a Radio Farm Forum anayamba m'ma 1960, ndipo anaonetsa kalekale kuti anthu akamvera phunziro pamodzi n'kukambirana pansi pa mtengo, amacita zimene amva. Alangizi a zaulimi amakumana ndi makopaletivu caka ciliconse polembetsa alimi. Magulu a amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama amakumana sabata ndi sabata popanda wowaitana. Ola limodzi pa misonkhano imeneyi, foni ili m'manja mwa mwini wake osati mwa mphunzitsi, lingacite zambiri kuposa cipinda ca makompyuta 20 cimene cili pa boma.

Za malipiro a mphunzitsi, thumba la citukuko ca m'madera a aphungu la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo lakhala likukwera zaka zotsatira. Mbali ya ndalamazi imalipirira acinyamata maphunziro a luso la manja. Makomiti a citukuko a m'mawadi ndiwo amalandira zofuna za anthu ndi kuzipititsa ku komiti ya CDF. Mpaka pano zopempha zimene zimamveka kwambiri ndi makalasi, madesiki, zipatala za amayi oyembekezera ndi mijigo, ndipo zonsezi n'zofunika. Koma palibe coletsa kopaletivu kapena gulu la amayi kupita ku msonkhano wa wadi ndi pempho lakuti acinyamata awiri a m'mudzi mwawo aphunzitsidwe ndi kupatsidwa kangacepe kuti azizungulira m'magulu nyengo yolembetsa alimi isanafike.