Mwana akabadwa ndi mano, werengani zala

Mwezi watha msuweni wanga adandiimbira foni usiku akulira. Mwana wake wabadwa ndi timano tiwiri ta m'munsi, ndipo akuchimuna ayamba kale kunong'onezana kuti amenewa ndi malodza. Apongozi ake amafuna kuti kukacha apite naye kwa sing'anga.

Ndidamuuza kuti aleke kaye kulira, avundukule manja a mwanayo, awerenge zala. Adaganiza kuti ndasokonekera mutu.

Chifukwa chake nachi. Ana ambiri obadwa ndi mano sakhala ndi vuto lina lililonse, amangokhala kuti mano awo oyamba afulumira. Koma pali matenda ena akumtundu otchedwa Ellis-van Creveld, omwe madokotala awiri, Richard Ellis wa ku Edinburgh ndi Simon van Creveld wa ku Amsterdam, adawafotokoza mu 1940. Mwana wa matendawa amakhala wamfupi msinkhu moyo wake wonse. Mikono ndi miyendo imakhala yaifupi, chifuwa chopapatiza, zikhadabo zosakula bwino, ndipo kumanja kumakhala chala chachisanu ndi chimodzi pafupi ndi kachala kakang'ono.

M'kamwa ndiye muli zambiri. Ena amabadwa nawo manowo, koma akamakula mano ena samera n'komwe, makamaka akutsogolo. Omwe amera amakhala ang'onoang'ono, otalikirana, osongoka ngati misomali, ndipo sachedwa kubooka. Mlomo wam'mwamba umakhala ngati waumatirira ku nkhama ndi timinofu tambirimbiri.

Choopsa chenicheni si mano ayi, ndi mtima. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi mtima wosapangika bwino, kawirikawiri khoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'mwamba limakhala lobooka kapena kulibiretu. Masiku amene banja likuthera kwa sing'anga ndi omwewo amene dokotala akanamva mtimawo.

Matendawa ndi osowa kwambiri padziko lapansi, koma ndi ofala pakati pa Aamishi a ku Lancaster County ku Pennsylvania, anthu omwe amakwatirana okhaokha. Mu 1964 Victor McKusick adafufuza mabanja awo ndipo adapeza kuti odwala onse mzere wawo umakathera kwa banja limodzi lomwe lidafika ku America mu 1744. Mwana amadwala pokhapokha akatengera jini yolakwikayo kwa bambo ndi mayi omwe (majini ake ndi a sayansi, osati aja otumizirana usiku), ndipo makolowo amakhala abwinobwino. Pa mimba iliyonse ya makolo oterewa, mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi mwa inayi. Ndiye zoloza chala mkazi yekha zija n'zopanda mutu.

Msuweni wanga adawerenga: zisanu uku, zisanu uko. M'mawa adakwera kabaza kupita kuchipatala. Adokotala adamva mtima wa mwanayo nati uli bwino, adazula dzino limodzi lomwe limagwedera poopa kuti angalimeze, linalo adalisiya. Pano akungodandaula kuti kamwanako kakumuluma poyamwa. Apongozi aja sadabwerebe kudzaona mdzukulu wawo.