BATIRE ISAMAFE DZUWA LILIPO

Aliyense woyenda m'maofesi a Boma adzavomereza kuti si chachilendo kuona amuna anayi kapena asanu, ena ali ndi mataye m'khosi, akukankha galimoto kuti ilire. Odutsa amaseka, okankhawo nawonso amaseka, ndipo ikalira onse amabwerera ku ntchito ngati palibe cholakwika. Ife tikuti cholakwika chilipo, ndipo n'chachikulu. Galimoto yokana kulira masana pa ofesi ya zamalimidwe ili pa ubale ndi ambulansi imene idzakane kulira pakati pa usiku, mayi wapakati akudikira kupita naye ku chipatala chachikulu. Kawirikawiri nthenda yake imakhala imodzi: batire yatha moto chifukwa galimoto yakhalitsa osayenda.

Zifukwa zoimitsa galimoto n'zambiri. Mafuta anasowa kwambiri m'dziko muno mu 2011 ndi 2012, ndipo vutoli linabweranso kuyambira mu 2022. Mathirakitala amagona miyezi ingapo kudikira nyengo yolima. Galimoto za misonkhano zimatuluka mwa apo ndi apo. Wogwira ntchito m'Boma amene anadzimana nagula yakeyake amaiyendetsa pakutha pa mwezi pokha. Zina mwa zifukwazi sitingazithetse lero, koma imfa ya batire tingathe kuipewa.

Tiyenera kumvetsa kuti batire imakalamba msanga ikamangokhala kusiyana ndi pamene ikugwira ntchito. Batire imene ili m'galimoto zambiri ndi ya mtundu umene anatulukira Gaston Planté wa ku France mu 1859: timbale ta mtovu tomizidwa m'madzi a asidi. Galimoto ikaima, akuba awiri amayamba ntchito. Woyamba ali m'kati mwa batire momwemo, pakuti imataya moto pang'onopang'ono ngakhale isanalumikizidwe ku chilichonse, ndipo kutentha kumafulumizitsa kutayako. Batire ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala imaphwa msanga kuposa ya ku Dedza mu Juni. Wakuba wachiwiri ndi zipangizo zimene sizigona ngakhale kiyi atachotsedwa, monga wotchi, alamu, wailesi ndi kompyuta ya injini.

Tiyeni tiwerengere. Pa batire ya galimoto yaing'ono pamalembedwa nambala monga 60Ah, kusonyeza kuchuluka kwa moto umene ingasunge. Tiyerekeze kuti ndi thanki ya zidebe 60. Zipangizo zosagona zija zikamakoka mamiliampeya 30 okha, thankiyo imataya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chidebe tsiku lililonse. Pakutha pa masiku 30, zidebe zoposa 21 zapita. Ikafika miyezi iwiri, sitata imangoti ke-ke-ke, injini osatembenuka.

Choopsa kwambiri n'chakuti batire ikakhala nthawi yaitali yopanda moto, pa timbale ta mtovu tija pamamera zinthu zonga mchere zimene zimauma ndi kukanirira. Zikatero, ngakhale muitchaje bwanji, siingasungenso moto monga kale. Batire yodzaza imasonyeza mavolti 12.6 pa mita. Ikatsika kufika cha pa 12.2 ndiye kuti theka la moto lapita. Ikakhalitsa pansi pa 12 yayamba ulendo wa ku dzala. Kugula ina n'kutulutsa ndalama zakunja, zomwe zija timazifuna pogula mankhwala, feteleza ndi mafuta. Ngati galimoto ndi ya Boma, ndalamazo ndi msonkho wa mlimi wa kumudzi.

Madalaivala ena amati mankhwala ake n'kuliza injini mphindi zisanu m'mawa uliwonse. Uku n'kudzinyenga. Injini yongolira galimoto ili chiimire siibweza moto wokwanira m'mphindi zochepa chotero. Kuti alternator igwire ntchito yooneka pafunika ulendo wa theka la ola kapena kuposa, ndipo mafuta a ulendowo ndiwo akusowa. Ena amadalira tchaja ya magetsi, koma si galaja iliyonse imene ili ndi magetsi, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Tsono tiyang'ane kumwamba. Dzuwa silifuna ndalama zakunja ndipo silikhala pa mzere wa mafuta. Dziko lino linaonetsa kale kuti dzuwa ndi wantchito wodalirika: ku Nanjoka m'boma la Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ena a mamegawati 20 amene anayamba ntchito mu 2022. Ngati dzuwa likuyatsa mizinda, lingalephere bwanji kusunga batire imodzi? Sola yaing'ono ya mawati 10 imapereka pafupifupi theka la ampeya dzuwa likaswa mtengo. Pa maola anayi okha yabweza zidebe ziwiri m'thanki muja, kuposa zimene akuba aja atenga. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Umu ndi mmene batire imathera, ndipo umu ndi mmenenso ingasungidwire.

Komabe ntchitoyi ili ndi mwambo wake. Choyamba, sola yosalumikizidwa ku batire imatulutsa mavolti pafupifupi 20, choncho pakati pa ziwirizi pakhale kachipangizo kotchedwa regulator. Kameneka kamaletsa moto kupitirira muyeso ndi kuumitsa madzi a m'batire, komanso kamatseka njira kuti moto usabwerere ku sola usiku. Yambani kulumikiza regulator ku batire, sola pambuyo.

Chachiwiri, lumikizani ku mitu ya batire yeniyeniyo, waya wofiira ku + ndi wakuda ku −, ndipo pa waya wofiirayo pakhale fyuzi pafupi ndi batire. M'galimoto zambiri soketi yoyatsira fodya imazima kiyi akachotsedwa, kotero woika sola pamenepo angakhale akutunga madzi ndi dengu. Malole ambiri amayendera mavolti 24. Amenewo afunika zipangizo za muyeso womwewo.

Chachitatu, sola ikhale pa mtetete. Popeza tili kummwera kwa equator, ipendekere pang'ono chakumpoto, kumene dzuwa limadutsa m'miyezi yachisanu. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango umachepetsa mphamvu yake kwambiri, ndipo fumbi la m'chilimwe liyenera kupukutidwa sabata iliyonse. Galimoto ingathe kukhala m'galaja, sola ili pa denga, waya atatsika.

Chachinayi, sola siukitsa batire yakufa. Iikidwe pa batire yodzaza kale. Ngati batireyo ili ndi zitsekerero, madzi ake aonedwe mwezi ndi mwezi, ndipo othiramo akhale madzi a batire, osati a pa mpopi kapena asidi. Fodya ndi moto zitalikire, pakuti mpweya wotuluka m'batire umaphulika.

Tikudziwa kuti ena adzati masola adzabedwa. N'zoona kuti akuba alipo, koma galimotoyo ili ndi mlonda, ndipo sola yomangidwa ndi mabawuti pa denga siinyamulika ngati nkhuku. Ilembedwe m'kaundula wa katundu monga jeke ndi tayala lapadera. Ena adzati ku Mulanje ndi ku Thyolo chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo. Masiku angapo sapha batire yodzaza. Imene imapha ndi miyezi. Kwa amene adzati ndalama palibe, tikuti sola yaing'ono imagulidwa kamodzi ndipo imatha zaka zambiri, pamene batire yonyalanyazidwa ingafe chaka chisanathe. Ndipo ngati ndalamazo palibedi, sipanala ilipo: masulani waya wa ku − pamene galimoto ikukaima nthawi yaitali, ndipo mwathamangitsa wakuba mmodzi popanda kulipira tambala.

Choncho tikupempha akuluakulu a maofesi, oyang'anira galimoto ndi onse osunga katundu wa anthu kuti aone galimoto zimene zaima pa malo awo sabata ino. Afunse kuti inalira liti komaliza, ayeze batire, alembe m'buku. Ayambire pa maambulansi ndi galimoto zonse zimene zimafunika mwadzidzidzi. Dalaivala wabwino sadziwika ndi liwiro lake pa msewu, koma ndi galimoto imene imalira pa kiyi woyamba tsiku limene anthu akuifuna. Dzuwa limatuluka m'mawa uliwonse osaphonya tsiku. Ifenso tisaphonye udindo wathu.