ZA KUMUNDA: Kodi Mfuti Yokongola Ndi Yopachika Kapena Yoombera?



Chimanga chayamba kukhwima m'minda yambiri, ndipo nguluwe ndi anyani adziwa kale. Ino ndiyo nyengo imene amuna ena amayamba kuyang'ana kudenga, kumene kuli mfuti ya malemu amalume awo, imene yakhala chipachikire zaka zingapo. Tsono sabata ino tisiye pang'ono za mizere ndi manyowa, tikambe za mfuti. Ndiyamba ndi mkangano wa anthu olemera a ku Ulaya ndi ku Amereka. Musafulumire kunena kuti za olemera sizitikhudza. Khalani pansi mumve, pakuti nkhaniyi idzafika pakhomo panu.

Mu mzinda wa London muli amisiri amene ntchito yawo ndi kupanga mfuti za alenje olemera. Nyumba ya Purdey inayamba ntchitoyi m'chaka cha 1814, ndipo ya Holland & Holland inayamba mu 1835. Mfuti zawo zapamwamba sazipanga zambirimbiri monga makasu a m'sitolo, ayi. Wofuna mfuti amapita kukayezedwa monga achitira telala posoka jekete, kuti mtengo wake ukhale wolingana ndi kutalika kwa mkono ndi khosi la mwini wake. Mtengowo amausema ku mtengo wolimba wotchedwa walnut, naupaka mafuta kambirimbiri kufikira uwale. Chitsulo chikatha kukonzedwa amachipereka kwa mmisiri wina, amene amatenga kachitsulo kosongoka nayamba kutema mphini pa mfutiyo: maluwa, masamba opotanapotana, njovu, njati, mkango. Pena amalowetsamo ndi golide. Mphini zokhazo zimatha kumudyera miyezi. Woitanitsa mfuti yotere amadikira kopitirira chaka, ndipo mtengo wa yatsopano ya mipope iwiri umapitirira mapaundi 100,000. Inu amene mumagulitsa fodya ndi mtedza werengani nokha kuti ndi mabelo angati amenewo.

Mkangano wawo ndi uwu. Ena akuti chinthu cha mtengo wotere sichiyenera kulowa m'tchire. Akuti minga idzakanda mtengo wake, thukuta la m'manja lidzafufuta maonekedwe a chitsulo, mvula idzabweretsa dzimbiri, ndipo tsiku lodzaigulitsa mtengo wake udzakhala utatsika. Choncho amaitsekera m'kabati yagalasi, alendo akabwera nawaonetsa. Anzawo akuti ayi, mfuti imene sinalirepo ndi chidole chabe.

Ine ndili mbali ya achiwiriwa, ndipo chifukwa changa chili pa ntchito imene maso saiona.

Taonani mfuti ya mipope iwiri yogundizana, imene alenje a njovu ndi njati ankaikonda. Anaipanga motero chifukwa njati yovulala ikakutembenukira, palibe nthawi yoti ulonge chipolopolo china. Chachiwiri chiyenera kukhala chilipo kale. Koma kuti mipope iwiriyo iponye zipolopolo pamalo amodzi ndi ntchito yowawa kwambiri. Mmisiri amalumikiza mipopeyo, napita nayo kukaombera pa chandamale. Akaona kuti wakumanja waponya apa, wakumanzere apo, amatenthetsa polumikizirapo, nasuntha pang'ono kwambiri, nalumikizanso, nakaomberanso. Amachita zimenezi kangapo kufikira zipolopolo ziwirizo zigwere pamodzi. Mlendo woyang'ana pa galasi sangaione ntchito imeneyi. Amaona njovu yagolide basi. Luso lalikulu la mmisiri uja limaoneka pokhapokha mfutiyo ikalira. Kuitsekera m'kabati chiipangire kuli ngati kuphunzitsa ng'ombe kukoka pulawo miyezi itatu, kenaka n'kuimangirira pakhomo kuti anthu aziyamikira nyanga zake.

Pali chinthu china chimene ndifuna muchigwire bwino, chifukwa tidzachifuna kutsogoloku. Ku Mangalande lamulo sililola kugulitsa mfuti imene sinayesedwe. Kuli nyumba ziwiri zoyesera mfuti. Ina ili ku London, ndipo ili m'manja mwa bungwe la amisiri a mfuti limene linakhazikitsidwa mu 1637. Ina ili ku Birmingham, ya mu 1813. Kumeneko amalonga mfutiyo ndi mphamvu yoposa imene mlenje adzagwiritse ntchito, naiombera. Ikapirira osaphulika kapena kufufuma, amadinda kachizindikiro pa chitsulo chake. Kachizindikiroko ndi kochepa ngati njere ya mapira, ndipo kawirikawiri kamakhala kunsi kwa mipope, kobisika. Koma munthu wodziwa mfuti akaigwira amayamba wafuna kameneko asanayang'ane maluwa. Maluwa amanena za chuma cha mwini mfuti. Kachizindikiro kaja kamanena ngati dzanja lake lidzatsala.

Mfuti zotchuka zimene anthu amapita kukaziona lero zinatchuka chifukwa zinagwira ntchito. Theodore Roosevelt atatsika pa mpando wa Pulezidenti wa Amereka mu 1909, anapita ku Kenya ndi maiko oyandikana nawo kukasaka nyama. Abwenzi ake a ku Mangalande anasonkha ndalama namugulira mfuti ya mipope iwiri ya Holland & Holland. Iye sanaisiye kunyumba. Anayenda nayo m'fumbi ndi m'mvula, naombera nayo njovu, zipembere ndi njati. Sindikuyamikira kupha nyama kotero. Iye ndi mwana wake anapha nyama 512 pa ulendo umodziwo, ndipo masiku ano munthu wochita zotero tikhoza kumuyesa woononga. Koma mfutiyo lero ili m'nyumba yosungiramo zakale ya Frazier mu mzinda wa Louisville ku Amereka, ndipo anthu amaima kuiyang'ana chifukwa cha kumene inayenda.

Imene imandigwira mtima ine ndi ya Jim Corbett wa ku India, chifukwa nkhani yake ndi ya anthu akumudzi onga ife. Kumapiri a kumpoto kwa dzikolo kunali chilombo chonga mkango koma cha mizeremizere, chimene amachitcha tiger, chimene chinadya anthu oposa 400. Amayi analeka kupita kotola nkhuni, minda inagonera. Corbett anachipha mu 1907 kudera la Champawat, ndipo akuluakulu a Boma anamupatsa mphatso ya mfuti ya Rigby yokhala ndi kachitsulo kasiliva kolembedwa mawu othokoza. Mphatso yotere ambiri akanaipachika pakhoma. Iye anapitiriza kuyenda nayo zaka zambiri posaka zilombo zodya anthu, ndipo mu 1926 anapha kambuku wa ku Rudraprayag amene anali atatha anthu 125. Mfutiyo inakalamba, mtengo wake unakandika, chitsulo chinayera ndi manja. A Rigby anaigulanso mu 2015 naisunga ngati chuma chawo. Zipsera zimene anthu a kabati yagalasi amaziopa ndizo zaikweza mfuti imeneyi.

Komabe tisawanamizire onse osunga. Zilipo mfuti zimene zinapangidwa dala kuti zikhale zoonetsa. Ku France, m'masiku a Napoleon, mmisiri wotchedwa Boutet ankapanga mfuti zodzaza ndi golide ndi siliva zoti mfumuyo izipereka kwa akazembe ake ndi kwa mafumu anzake. Zimenezo zili ngati ndodo ya ufumu yovekedwa mikanda: palibe wanzeru angaitenge kukathamangitsira mbuzi m'dimba. Ndiponso mfuti imene yakalamba kwambiri, chitsulo chake chitapyapyala, iyenera kupuma ngakhale inali yabwino chotani. Nkhalamba imene inalima zaka zake sitiipatsanso khasu. Timaiyalira mphasa pakhonde.

Tsono tiyeni tibwerere kudenga kuja.

Mfuti zambiri zakale za m'midzi mwathu, zimene timazitcha gogodela, zolongera kukamwa, zinalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kunyanja yamchere. Zambiri zinali zakale kale pofika kuno, zina zotayidwa ndi asilikali a ku Ulaya. Makolo athu nawonso ankazikongoletsa: ena anakhomera misomali yamkuwa pa mtengo wake, ena anakulunga chikopa, ena mikanda. Ndipo mfuti yotere ikasiyidwa ndi amalume kwa mphwawo, imakhala ya mtengo wapatali m'banjamo monga momwe Purdey ikhalira kwa wolemera wa ku London. Zimenezi ndikuzilemekeza.

Choopsa chathu n'chakuti sitisankha. Wolemera uja akaitsekera m'kabati, saiomberanso, ndipo amaipukuta ndi mafuta nthawi ndi nthawi. Mnzake woigwiritsa ntchito amaitsuka tsiku lomwelo, ndipo ikakayikitsa amapita nayo kwa mmisiri. Ife timachita za pakati. Timaipachika zaka zitatu osaikhudza, tikumati ndi chikumbutso. Usiku wina nguluwe zikalowa m'munda, timaitsitsa ndi mkwiyo, tikumati ndi chida.

Kodi m'zaka zitatuzo chachitika n'chiyani m'kati mwa mpope? Wonga wakuda ukapsa umasiya litsiro limene limakoka chinyezi, ndipo dzinja lililonse dzimbiri limadya chitsulo kuyambira m'kati. Kunja mwaye waikuta, misomali yamkuwa ikadawalabe mukaipukuta, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mavu aja omanga ndi dothi amakonda dzenje lotere, ndipo mpope wotsekeka ndi dothi umaphulika ngakhale utakhala watsopano. Chinanso, mwina amalume anaipachika ili yolongalonga, mphwawo osadziwa n'kulonganso pamwamba pake. Ndipo ena amathiramo wonga wa m'zipolopolo zamakono, umene mphamvu yake gogodela sanapangidwire. Ngati mfutiyo inali ndi kachizindikiro koyesera kaja, kanadindidwa zaka zoposa 100 zapitazo, pamene chitsulo chinali chathunthu. Ngati mpope wake unasinthidwa ndi wosula wa pamudzi ndi chitsulo chotola, ndiye kuti sunayesedwe n'kamodzi komwe, ndipo woyesa woyamba ndinu.

Mpope ukaphulika, dzanja limene lili pafupi ndi lamanzere, limene lauchirikiza. Maso nawo ali pomwepo. Khasu limafuna manja awiri, abambo. Matumba awiri a chimanga amene nguluwe ikanadya mukhoza kuwabweza chaka chamawa; zala sizimera. Inu amayi, amene mudzatsale ndi munda wonse ndi wodwala m'nyumba, muli ndi mawu pa nkhani imeneyi. Musaope kuwanena.

Chifukwa chake banja likhale pansi ligamule. Ngati mfutiyo ndi chikumbutso, ikhale chikumbutso ndithu. Munthu wodziwa mfuti aione ngati ilibe kanthu m'kati, muipukute ndi mafuta, muiike pouma kutali ndi utsi ndiponso kumene ana sangafike, ndipo wonga usapezeke m'nyumbamo. Mfuti imene mpope wake uli ndi timaenje ta dzimbiri, kapena mng'alu, kapena inamangidwa ndi waya, ntchito yake inatha, musakambiranenso. Ngati ndi mfuti yabwino yoti igwire ntchito, isamalidwe monga chida: kutsukidwa ikangolira, kuyang'anidwa m'kati musanailonge, ndi kusungidwa yopanda chipolopolo. Musamaiumire ntchito poopa kuti ikandika. Pulawo amene utoto wake sunachoke ndiye kuti sanalimepo.

Koma kumbukirani lamulo. Mfuti iliyonse, yopachika kapena yoombera, iyenera kudziwika ku Polisi ndi kukhala ndi chiphaso m'dzina la amene akuisunga. Chiphaso cha amalume sichilowa chokolo. Mwini wake akamwalira, pitani mukanene, akakuuzeni chochita. Ndiponso chiphaso cha mfuti si chilolezo chophera nyama iliyonse. Lamulo losamalira nyama zakutchire la mu 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, kotero kuti wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere kapena ngaka akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Inu a m'mbali mwa nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Liwonde ndi Vwaza, ndikudziwa kuwawa kwa kudzuka m'mawa n'kupeza munda utapondedwa. Koma gogodela sagwetsa njovu bwinobwino. Kawirikawiri amangoivulaza, ndipo njovu yovulala imaopsa mudzi wonse. Tumizani mthenga msanga kwa anyakwawa ndi kwa agemu.

Za nguluwe ndi anyani, njira za makolo zikadagwirabe ntchito ngati anthu agwirizana. Mangani nsanja yolindira pakati pa minda yoyandikana, muzisinthana usiku m'malo moti aliyense agone yekha m'munda mwake. Kolezani moto m'mbali mwa munda, mangani zitini pa chingwe kuti mlonda akakoka zilire ponseponse, ndipo agalu agone kumunda osati pakhomo. Anyani amabwera masana, choncho pakhale munthu kuyambira m'bandakucha, koma ana asajombe kusukulu chifukwa cha zimenezi. Lambulani tchire lozungulira munda, chifukwa nguluwe siikonda kudutsa poyera. Ndipo chimanga chikauma musachedwe kukolola.

Sabata yamawa tidzakamba za kukonza nkhokwe ndi kuteteza chimanga kwa anankafumbwe. Amene nkhokwe zawo zinadontha chaka chatha ayambiretu kumweta udzu.

Ndine wanu,
Mlangizi