Yisiti si wa mandasi okha

Amayi a mandasi mu Limbe, musamupeputse yisiti wanuyo. Katemera wa Hepatitis B, matenda a chiwindi aja, wa mu 1981 ankachokera m'magazi a anthu okhala ndi kachilomboko. Edzi itabuka ambiri anachita naye mantha, ndipo ine sindikuwadzudzula.

Mu 1986 ku America anavomereza wina. Akatswiri anadula kachidutswa ka DNA ya kachilomboko, nakalumikiza pa kamphete ka DNA kotchedwa plasmid, nakalowetsa mu yisiti wofufumitsa buledi yemweyu. Iye akamaswana amangopanga chikopa cha kachilombo, chosadwalitsa munthu.

Tsono inu mukuti zoseweretsa DNA n'zaufiti, mukufuna tibwerere ku magazi? Chikhalirecho ana athu m'Malawi muno akhala akubayidwa katemerayu kuyambira 2002.